Manda ngati mboni ya mbiri: za ku chigwa cha Shire ndi za ku mitumbira ya Aviking

MAU OYAMBA

Wansembe wa m'parishi sakhalitsa osaponda kumanda. Timapitako ndi buku la mapemphero ndi madzi odalitsika, timaima pambali pa dzenje limene adzukulu akumba, ndipo mtumbira ukaundidwa timabwerera kumudzi pamodzi ndi anamfedwa. Kwa ife manda ndi malo a misozi ndi a pemphero. Koma alipo anthu ena amene amafika kumanda ndi funso la mtundu wina. Ameneŵa ndi akatswiri ofukula zakale, anthu oŵerenga dothi, mafupa ndi mapale monga momwe ife timaŵerengera zolemba za makolo a Eklezia. Iwo amatikumbutsa kuti mitundu ya anthu imene sidasiye mabuku idasiya manda, ndipo m'mandamo idaikamo ndi manja ake zinthu zimene inkaziyesa zofunika koposa.

M'nkhani ino tifuna kuona umboni umene wapezeka m'manda akale a ku chigwa cha mtsinje wa Shire ndi kumwera kwa nyanja ya Malaŵi, dera la maboma a Machinga, Balaka ndi Mangochi. Tidzaufanizira ndi umboni wa ku Ulaya wakumpoto, kumene anthu otchedwa Aviking ankagoneka akuluakulu ao m'ngalaŵa, nakwirira ngalaŵayo ndi mtumbira waukulu ngati kaphiri. Mfundo yathu ndi imodzi. Zimene anthu amaika m'dzenje pamodzi ndi womwalira zimaulula chikhulupiriro chao pa za moyo wa kutsidya kwa imfa, komanso zimaulula kumene chuma chao chidachokera ndi amene adachifera. Mbusa wa mizimu ayenera kumva umboni wonsewo asanatsekule pakamwa kulalika pa maliro.

DZIKO LA MADZI

Mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja ya Malaŵi pafupi ndi Mangochi, numaloŵa m'nyanja ya Malombe, kenaka umadutsa pa Liwonde ndi kutsikira ku Matope kumene mathithi amayambira. Kuvuma kwake kuli Machinga, dziko lofika ku nyanja za Chilwa ndi Chiuta, ndipo kuzambwe kwake kuli Balaka, dera limene lidali pansi pa boma la Machinga mpaka chaka cha 1998. Masiku ano timayenda m'deralo pa mseu wa tala ndi pa njanje, mwakuti mtsinje timauona ngati chinthu chongowoloka pa mlatho. Kwa makolo mtsinjewo ndiwo udali mseu. Bwato logoba pa mtengo umodzi linkanyamula nsomba, mchere, makasu, mbiya ndi anthu, ndipo amene adali ndi ulamuliro pa dooko adali ndi ulamuliro pa malonda.

Alendo a kunja nawonso adatsata madzi omwewo. David Livingstone adafika ku nyanja ya Chilwa ndi ku nyanja ya Malaŵi m'chaka cha 1859, ndipo mu 1861 adanyamulitsa boti lake kulambalala mathithi kuti akwere nalo Shire mpaka kunyanja. Mu 1875 sitima ya amishoni a ku Scotland, Ilala, idanyamulidwa zidutswazidutswa pamutu, nilumikizidwanso kumtunda kwa mathithi, ndi kudutsa m'dera lathu lino popita ku Cape Maclear. Pa nthaŵi yomweyo ngalaŵa za matanga za Jumbe wa ku Nkhotakota ndi za Makanjila zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo pa nyanja. Koma mbiri yolembedwa imeneyi njaifupi. Zaka zikwi zimene zidatsogola tingazidziŵe kuchokera m'kamwa mwa akuluakulu ndi m'nthaka basi.

KUKUMBA MBIRI

Ntchito yofukula zakale idakhazikika m'dziko muno pamene boma lidatsekula nthambi yake yosamala zinthu zakale, Department of Antiquities, mu 1967. Mkulu wake woyamba, P.A. Cole-King, adalemba kabuku kofotokoza mwachidule zimene zidapezeka, nakapatsa dzina la Chicheŵa lakuti Kukumba Mbiri mu Malaŵi, m'chaka cha 1973. Katswiri wina, Keith Robinson, adayendera gombe la kumwera kwa nyanja ndi mbali zonse ziŵiri za Shire, kumtunda ndi kumunsi, ndipo zimene adapeza zidasindikizidwa mu 1970 ndi mu 1973.

Njira yao njosavuta kuimvetsa, ngakhale imafuna kudekha kwa munthu wofuna kuona maso a nkhono. Dothi limaunjikana m'magawomagawo: chimene chili pansi chidatsogola, chimene chili pamwamba chidatsatira. Pofuna kudziŵa zaka, amayesa makala a moto wakale. Chamoyo chilichonse chimasunga m'thupi mwake mtundu wina wa kaboni umene umayamba kuchepa chamoyocho chikafa, ndipo theka lake limatha pa zaka pafupifupi 5,730. Kaboni wotsalayo ndiye amanena zaka. Kenaka amayang'ana mapale, pakuti mbadwo uliwonse wa amai oumba udali ndi kaumbidwe kake ndi zocholera zake pa khosi la mphika.

Motero zidadziŵika kuti m'dera lino mudakhala mibadwo yotsatizana, imene akatswiri adaitcha maina a malo kumene mapale ake adayamba kupezeka. Mapale a Nkope ndi a anthu oyamba kulima ndi kusungunula chitsulo m'ng'anjo, amene adalipo kale cha m'ma 300 A.D., pamene Augustino woyera adali asanabadwe kapena adali mwana. Pambuyo pake padabwera mapale a Kapeni, kenaka a Mawudzu, amene amagwirizana ndi nthaŵi ya ufumu wa Maravi. Otsiriza ndi a Nkhudzi, a zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Ndipo ameneŵa adadziŵika kuchokera m'manda.

MANDA A KU NKHUDZI NDI KU MTEMANKHOKWE

Ku Nkhudzi, m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, katswiri Ray Inskeep adafukula manda akale, ndipo lipoti lake lidatuluka mu 1965. Patapita zaka, katswiri wa m'dziko mwathu momwe muno, Yusuf Juwayeyi, adafukula manda ena ku Mtemankhokwe, m'boma lomwelo, m'zaka za m'ma 1980. Mafupa a anthu asanu ndi mmodzi a ku Mtemankhokwe adapimidwa ndi Alan Morris wa ku Cape Town, amene adalemba za iwo mu 1993. Malo onse aŵiri ndi a nthaŵi imene Anyanja adali eni dziko la kumtunda kwa Shire, Ayao asanakhazikike ndi maufumu ao. Ali kunja kwa malire a Machinga ndi Balaka a masiku ano, koma malirewo ngadzulodzulo: anthu a ku Mtemankhokwe ndi a ku Liwonde ankamwa mtsinje umodzi.

Akufawo sadapite chimanjamanja. Adaikidwa ndi miphika ndi mbale zadothi zoumbidwa mwaluso, zida zachitsulo, makoza a minyanga ya njovu, ndi mikanda yagalasi yambirimbiri. Tikaima pa zinthu zimenezi tikumva umboni woyamba. Munthu sapatsa mphika chinthu chimene chatha. Amene adaika mbale pambali pa mutu wa mai wao ankakhulupirira kuti maiyo akadali munthu, ali ndi dzina, ulemu ndi abale, ndipo kuti kumene akupita akafunika kufika monga munthu wolemekezeka. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene ansembe anzathu adamva kwa akuluakulu pofufuza chipembedzo cha makolo, monga Bambo J.W.M. van Breugel pakati pa Acheŵa ndi Bambo Matthew Schoffeleers pakati pa Amang'anja: kuti mwambo wa maliro cholinga chake chidali kuperekeza womwalira kuti akhazikike bwino pakati pa mizimu, kumene angamayang'anire ana ake.

Umboni wachiŵiri ngwoŵaŵa. Mikanda yagalasi sinkapangidwa kuno. Inkachokera kutsidya kwa nyanja yamchere, ku India ndi ku Ulaya, nidzera pa madooko onga Kilwa, chilumba cha Mozambique ndi Quelimane, ndi kufika kuno pa mitu ya amalonda a Chiyao ndi a Chibisa. Malonda ameneŵa ngakale: ku Mankhamba, likulu la Kalonga pafupi ndi Mtakataka, Juwayeyi yemweyo adapeza mikanda, mkuwa, zidutswa za minyanga ndi mapale a mbale za ku China, monga adafotokozera m'buku lake la mu 2020. Poyamba mtengo wa mikanda ndi nsalu udali minyanga ya njovu. Koma kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo makamaka m'zaka za m'ma 1800, mtengowo udayamba kukhala anthu. Sitinganene za munthu aliyense wogona ku Nkhudzi kuti adagulitsa mnzake. Chimene tinganene n'chakuti njira imene idabweretsa mkanda wa m'khosi mwake ndiyo idatenganso ana a anthu m'magoli. Ayao a fuko la Amachinga, amene boma la Machinga lidatengera dzina lao, atafika m'dera lino chapakati pa zaka za m'ma 1800, malonda ameneŵa adakula, ndipo mafumu onga Kawinga pa phiri la Chikala ndi Liwonde m'mbali mwa Shire adamangapo mphamvu zao, mpaka Kawinga adagonjetsedwa ndi asilikali a Britain mu 1895.

Pali chinthu chinanso chimene alendo a nthaŵi imeneyo adalemba. Antonio Gamitto, Mpwitikizi amene adadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 ndi 1832, adasimba kuti mfumu yaikulu ikamwalira ena mwa akazi ake ankaikidwa nayo pamodzi. Duff Macdonald wa mishoni ya Blantyre adalembanso mu 1882 za akapolo operekeza mbuye wao m'dzenje pakati pa Ayao. Zolemba za alendo n'zofunika kuzipeta, pakuti mlendo amaona ndi diso lachilendo, komabe nkhani zotere zimamvekanso m'mbiri ya pakamwa. Chikhulupiriro chabwino chakuti wakufa akadali munthu chidatha kupotoka mpaka kunena kuti mfumu ikakhalabe mfumu, ndipo kapolo akakhalabe kapolo.

NGALAŴA ZA M'MITUMBIRA

Kuti tisaganize kuti zimenezi n'za Aafirika okha, tiyeni titembenukire ku Norway, Denmark ndi Sweden, kwao kwa Aviking. Tawasankha chifukwa amafanana nafe pa zinthu zingapo. Adali anthu a pamadzi, adalemera ndi malonda a kutali ophatikizapo malonda a akapolo, Mthenga Wabwino udawafika mochedwa poyerekeza ndi anzao a ku Ulaya, ndipo manda ao afufuzidwa kwa zaka zoposa 150. Eklezia idawadziŵa poyamba ngati adani, pamene adathira nkhondo nyumba ya amonke ya Lindisfarne ku England m'chaka cha 793.

Mu 1880 ana a mwini munda wa Gokstad, ku Norway, adayamba kukumba mtumbira waukulu umene udali m'munda mwao. Katswiri Nicolay Nicolaysen atamva adawaletsa, nayamba kufukula mwadongosolo. M'katimo mudali ngalaŵa ya matabwa a mtengo wolimba wotchedwa oak, yotalika mamita oposa 23, ya nkhafi 32, ndipo m'kanyumba komangidwa pakati pake mudagonekedwa mwamuna mmodzi cha m'ma 900. Pamodzi naye padali akavalo 12, agalu, ndi mbalame za pikoko, zimene kwao si ku Norway. Ngalaŵayi idali ya pamadzi yeniyeni: mu 1893 anthu adapanga inzake yofanana nayo, naoloka nayo nyanja ya Atlantic mpaka ku America.

Mu 1904 Gabriel Gustafson ndi Haakon Shetelig adafukula mtumbira wina ku Oseberg. Mudapezeka ngalaŵa yosemedwa mokongola, yotalika mamita 21 ndi theka, ya nkhafi 30. Mudali ngolo, mabedi, ziŵiya zakukhitchini, zida zoombera nsalu, tizidutswa ta nsalu ya silika yochokera kutali kuvuma, ndi mafupa a akavalo, agalu ndi ng'ombe. Ogonekedwamo adali amai aŵiri, wina wokalamba kwambiri, wina wa zaka za m'ma 50. Poŵerenga mizere ya m'kati mwa mitengo, imene mtengo umaonjeza umodzi chaka chilichonse, akatswiri adapeza kuti matabwa a kanyumba ka maliro adadulidwa m'chaka cha 834. Pa nthaŵi imeneyo kuno kwathu anthu adali atakhala akusula chitsulo m'mbali mwa Shire kwa zaka mazana asanu.

Umboni uŵiri uja tikuupezanso kuno. Ngalaŵa, chakudya ndi akavalo zikunena kuti wakufa ali pa ulendo, kapena kuti mtumbirawo ndi nyumba yake yatsopano, pafupi ndi minda ya ana ake. Koma silika, mapikoko ndi ndalama zasiliva za Aluya zimene zapezeka zikwizikwi m'nthaka ya maiko amenewo zikunena za malonda amene mbali yake ina idali ya anthu ogwidwa pa nkhondo. Akatswiri amatsutsana ngati mmodzi wa amai a ku Oseberg adali mdzakazi woperekeza mbuye wake. Koma Ahmad ibn Fadlan, kazembe wochokera ku Baghdad, adaona ndi maso ake mu 922, m'mbali mwa mtsinje wa Volga, maliro a mfumu ya anthu otchedwa Rus, amene ambiri amati adali ochokera kwa Aviking: mtembo udagonekedwa m'ngalaŵa, mdzakazi adaphedwa kuti aperekeze mfumuyo, ngalaŵa idatenthedwa, ndipo pamalopo adaundapo mtumbira. Zimene Gamitto ndi Macdonald adalemba za kuno, Ibn Fadlan adazilemba za azungu. Tchimo lochititsa munthu kutenga mnzake ngati katundu lilibe mtundu.

CHIFUKWA CHAKE KUNO SIKUPEZEKA MABWATO

Wina angafunse kuti: ngati makolo athu adali anthu a pamadzi, bwanji zotsala zao ndi mapale, mikanda ndi zitsulo zokha? Yankho lili m'nthaka. Ngalaŵa za ku Gokstad ndi Oseberg zidakwiriridwa m'dongo lonyowa ndi kuphimbidwa mothithikana, mwakuti mpweya sunkaloŵa, ndipo tizilombo toolesa mtengo sitinkatha kukhalamo. Kuno kutentha, mvula yosinthana ndi chilimwe, ndiponso chiswe zimadya mtengo, mphasa, nsalu ndi chikopa m'zaka zoŵerengeka. Kumene nthaka ya mu Afirika idasunga chinyezi chosalekeza, mtengo udakhala. Ku Dufuna, kumpoto kwa Nigeria, mbusa wa ng'ombe akukumba chitsime mu 1987 adagunda bwato lotalika mamita oposa 8, limene lidapezeka kuti lili ndi zaka pafupifupi 8,000, lakale kutalitali kuposa ngalaŵa iliyonse ya Aviking.

Phunziro lake n'lakuti tisayese kulemera kwa mtundu wa anthu ndi zimene chiswe chidasiya. Zimene tikuona ku Nkhudzi ndi ku Mtemankhokwe ndi kachigawo chabe ka zimene anamfedwa adaika. Nsalu, mphasa, ufa ndi nyimbo za maliro zidapita. Choncho umboni wochepa umene watsala ngwamtengo wapatali, ndipo ukaonongeka palibe wina wouloŵa m'malo.

MMENE MTHENGA WABWINO UDASINTHIRA MANDA

Ansgar woyera, mmonke wa ku Corbie, adapita ku Denmark mu 826 ndi ku Birka, m'dziko la Sweden, cha m'ma 830. Izi zikutanthauza kuti pamene amai a ku Oseberg ankaikidwa, amishoni adali atafika kale ku maiko akumpotowo. Komabe padapita zaka zoposa zana kuti mfumu ya Denmark, Harald Bluetooth, ibatizidwe cha m'ma 965, ndipo ku Norway mfumu Olaf woyera adafa mu 1030 ntchito isanathe. M'zaka za pakatipo manda adali osakanikirana. Ku Birka kudapezeka akufa ovala timitanda m'khosi koma oikidwa ndi katundu monga kale. Ku Denmark kudapezeka chikombole cha mmisiri chimene chinkaumba mtanda wa Akhristu ndi nyundo ya mulungu wao Thor pa mwala umodzi womwewo.

Ku Jelling, likulu la mafumu a Denmark, kuli mitumbira iŵiri ikuluikulu, tchalitchi pakati pake, ndi mwala umene Harald adalembapo kuti adasandutsa anthu ake Akhristu. Chipinda cha m'mtumbira wakumpoto chidapezeka chopanda mtembo, pamene pansi pa tchalitchi padapezeka mafupa a mwamuna. Akatswiri ambiri amaganiza kuti Harald adasamutsa bambo wake Gorm kuchoka m'mtumbira kupita m'tchalitchi. Ngati ndi choncho, tikuona mwana wobatizidwa amene sadafune kusiya kholo lake kunja. Funso lakelo ndi lomwe akatekumeni athu amafunsa: nanga agogo athu ali kuti? Pang'ono ndi pang'ono mitumbira idaleka kuundidwa. Akufa adayamba kuikidwa pabwalo la tchalitchi, mfumu ndi mlimi m'munda umodzi, miyendo kuloza kuvuma, popanda akavalo, zida kapena operekeza.

Eklezia idayesapo njira ziŵiri pa nkhani zotere. Mfumu Charlemagne, m'zaka za m'ma 780, adalamula ndi mphamvu ya lupanga kuti Asaxon obatizidwa aziikidwa ku manda a tchalitchi, osati ku mitumbira ya makolo ao. Papa Gregorio Wamkulu, polembera abati Mellitus mu 601 za anthu a ku England, adalangiza kuti nyumba zao zachipembedzo zisagwetsedwe koma ziyeretsedwe, ndi kuti maphwando ao apatsidwe tanthauzo latsopano, pakuti mtima wa munthu susintha tsiku limodzi. Msonkhano Wachiŵiri wa Vatikano udatsata njira ya Gregorio pamene udanena mu 1963 kuti mwambo wa maliro uonetse poyera chinsinsi cha Pasaka, ndiponso ugwirizane ndi makhalidwe a dziko lililonse.

Kuno kwathu mbeu njaposachedwa. Ansembe a White Fathers adakhala kwa Mponda kuyambira 1889 mpaka 1891, osakolola kanthu kooneka. A Montfort adafika ku Nzama mu 1901, natsekula Utale, m'boma la Balaka la lero, mu 1908. Dayosizi ya Mangochi idakhazikitsidwa mu 1973. Chisilamu chidatitsogolera pakati pa Ayao kuyambira zaka za m'ma 1870, ndipo nachonso chidasintha manda: Msilamu amaikidwa m'nsalu yoyera, wopanda katundu, wolemera ndi wosauka chimodzimodzi. Mikangano yambiri ya amishoni oyamba ndi eni mudzi, makamaka ya zinyau pakati pa Acheŵa, idabuka pa maliro, chifukwa amene amaika wakufa ndiye amanena kumene wakufayo wapita. Ngati Aviking zidawatengera zaka mazana aŵiri, tisadabwe kuti Mkhristu wa ku Ulongwe kapena ku Ntaja, amene agogo ake adabadwa mishoni isanafike, akadali ndi mitima iŵiri pa maliro.

ZIMENE ZIKUTIKHUDZA IFE ABUSA

Choyamba, umboni wa chikhulupiriro cha makolo tiulandire ndi ulemu. Mphika wa m'manda a ku Mtemankhokwe ukuvomereza kale kuti imfa sithetsa munthu ndipo sidula ubale. Pamenepo ndi poyambira pabwino pophunzitsa za kuyanjana kwa oyera ndi za kupempherera akufa. Mkhristu akafuna kuponya kanthu m'dzenje la mnzake, tifunse kaye chimene mtima wake ukunena, ngati ndi chikondi kapena ndi mantha akuti mzimu ubwerera kudzavuta. Chikondi tichisonyeze njira yake, imene ndi nsembe ya Misa, pemphero ndi ntchito zachifundo. Mantha tiwachize ndi Mthenga wa kuuka kwa akufa. Kunyoza kokha kumangochititsa kuti mwambowo uzichitika wansembe atachoka.

Chachiŵiri, tifunse funso la mkanda uja: ulemu wa maliro aŵa akuulipira ndani? Lero palibe amene amaikidwa wamoyo pamodzi ndi mfumu. Koma tonse tawaona mabanja amene agulitsa mbuzi, chimanga cha m'nkhokwe ngakhale munda kuti agule bokosi lodula ndi kumanga chiliza choposa cha anansi, ana natsala osapita kusukulu. Taonanso amai amasiye akulandidwa nyumba ndi katundu mtumbira usanaume, ngakhale lamulo la dziko la mu 2011 lokhudza chuma chamasiye lidaletsa mchitidwe umenewu. Amenewo ndiwo operekeza a masiku ano. Augustino woyera adaphunzitsa kuti zokongoletsa maliro zimatonthoza amoyo koposa kuthandiza akufa, ndipo Paulo woyera adakumbutsa Timoteo kuti tidzachoka m'dziko monga tidaloŵeramo (1 Tim. 6:7). Miphakati yathu ingathe kugwirizana za maliro aulemu koma osasaukitsa, ndipo wansembe aonetse chitsanzo popita ku maliro a mmphaŵi ndi mtima womwewo umene amapitira ku maliro a munthu wachuma.

Chachitatu, titeteze mboni zimenezi. Dziko la Norway lidakhazikitsa lamulo loteteza zakale mu 1905, litaona kuti chuma cha ku Oseberg chikadatha kugulitsidwa kunja. Ngakhale zidatero, ngalaŵa ya ku Gjellestad, imene idaoneka ndi makina oona pansi pa nthaka mu 2018, idapezeka itaola kwambiri, chifukwa mtumbira wake udasalazidwa kalekale kuti pakhale munda. Ife ansembe timakumba kaŵirikaŵiri: maziko a tchalitchi, sukulu, zitsime, maenje oumbira njerwa. Khasu likagunda mafupa, miphika yathunthu, mikanda kapena zotsalira za ng'anjo, ntchito iime. Zinthuzo zisasunthidwe, chifukwa phale lochotsedwa pamalo pake lataya theka la mau ake. Tidziŵitse nyakwaŵa ndi akuluakulu a boma oona zakale, monga malamulo a dziko afunira. Tikumbukenso kuti mafupawo ndi a anthu olengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo adzukulu ao angakhale ali pompo m'mudzimo, oyenera kufunsidwa. Misitu ya kumanda, imene m'madera ambiri ndiyo yokha yasunga mitengo yachilengedwe, tiitchinjirize kwa ootcha makala. Aseminale popita ku tchuthi akhale pansi ndi nkhalamba za kwao, alembe maina a manda akale, a madooko ndi a midzi imene idasamuka, pakuti nthaka imayankhula bwino pamene pakamwa pa akuluakulu payithandiza.

MAU OTSIRIZA

Mitumbira ya ku Gokstad ndi Oseberg idathyoledwa kale m'zaka za m'ma 900, ndipo zodula zake zambiri zidatengedwa. Zotsala zake zidatengedwa ndi akatswiri kupita nazo ku Oslo. Mikanda ya ku Nkhudzi idatsala m'dothi, eni ake osapita nayo kulikonse. Ofukula zakale amadziŵa manda ndi zimene zatsalamo, ndipo nthaŵi zonse katundu amatsala. Chikhulupiriro chathu chidayamba pa manda amene mudatsala nsalu zokha, mwini wake atauka (Yoh. 20:1-10). Akhristu oyamba ankajambula ngalaŵa pa manda ao a pansi pa nthaka ku Roma, ndipo mpaka lero malo okhala anthu m'tchalitchi amatchedwa ndi dzina lochokera ku mau a Chilatini otanthauza ngalaŵa. Eklezia ndiyo ngalaŵa imene timagonekamo akufa athu, ndipo m'menemo mfumu ndi kapolo amakhala pa thabwa limodzi.

Pa 2 Novembala, pamene tizungulira manda a parishi ndi madzi odalitsika, tingachite bwino kutchula m'mapemphero athu ngakhale aja amene adagona m'chigwa chino dzina la Khristu lisanamveke: osula a ku Nkope, amai oumba a ku Nkhudzi, amalonda, ndi aja adatengedwa m'magoli nafera m'njira popanda wowaundira mtumbira. Msonkhano wa Vatikano udaphunzitsa kuti Mzimu Woyera amapatsa munthu aliyense mwai wogwirizana ndi chinsinsi cha Pasaka m'njira imene Mulungu yekha aidziŵa. Pokhala tikuima pa dothi lao, kuwapempherera ndi kusamala malo amene adagona ndi mbali ya ntchito yathu yaubusa.